Kumbuyo kwa Madamu

"Lero sindikankha."

Ndinanena ndili pakhomo la kukhitchini, kapu ya tiyi wawo ili m'manja. Amuna anga anali atakhala kale m'galimoto, windo atatsitsa, tayi ili pakhosi, dzanja lili pa giya.

"Wati chani?"

"Ndati sindikankha. Msana ukundipweteka kuyambira dzulo."

"Ndiye akankhe ndani? Mizimu?"

"Kagogodeni kwa aneba. Abambo akumeneko sanapite kuntchito, ndawamva akutsokomola."

"Iwe, ukufuna layini yonse ino idziwe kuti Madamu sadzuka okha? Tatsitsa mawu."

Madamu ndi galimoto. Eee, galimoto ili ndi dzina, ine ndimangoitanidwa kuti iwe. Anaigula kwa mkulu wina wopuma pantchito, yakalekale, ya magiya, yofiira mbali imodzi, mbali inayo mtundu wake sindiudziwa. Masiku oyamba inkalira bwinobwino ukapotokola kiyi. Kenako sitata inafa. Ukapotokola imangoti tcha, tcha, basi zii. Kuyambira pamenepo Madamu amadzuka ndi chikankho.

Kwa inu amene simunakankhepo galimoto, pamafunika anthu awiri. Wina amakhala mkati, waponda kilatchi, waika giya yachiwiri. Wina ali kumbuyo, akukankha. Ikayamba kuthamanga wamkati uja amasiya kilatchi, injini n'kulira. Wodziwa kilatchi amakhala, wosadziwa amakankha. Pakhomo pathu wosadziwayo ndinali ine, ndipo ndinali ndi pakati, mimba itayamba kale kukana masiketi anga.

"Anesi ku sikelo anati ndisamanyamule zolemera."

"Ukuinyamula ngati? Ili ndi matayala ake, imayenda yokha. Iwe umangoiperekeza."

"Ndiye tsikani mudzaiperekeze inuyo, ine ndikhale mmenemo. Ndiphunzitseni. Si kuponda ndi kusiya basi?"

Anaseka mpaka kumenya chiwongolero.

"Kuponda ndi kusiya! Ukuona ngati ndi makina ako osokera aja? Iyi ndi manyuwo, mayi. Si zidole zija za otomatiki zoyendetsa azimayi a m'maofesi. Kilatchi imafuna phazi la mwamuna. Iweyo tsiku limodzi lokha ukhoza kundiwotchera kilatchi, ndiye tizikwera chani?"

"Phazi langali limapalasa makina tsiku lonse, ulusi osaduka."

"Uzipalasa komweko. Taimu yatha, abwana andikalipira. Tiye, kamodzi kokha, mawa ndipeza pulani."

Pulani ya mawa imeneyo ndinali nditaimva kambirimbiri. Ndinaika kapu pansi, n'kuzungulira kumbuyo.

Bwalo lathu ndi lafulati. Pageti pali kachitunda ka simenti kotchinga madzi a mvula, ukakadutsa msewu umatsetsereka pang'ono. Ntchito yanga inali kuwakweza Madamu kachitundako, kenako kuthamanga nawo mpaka atalira. Akalira amandipopera utsi wakuda kumaso, amuna anga n'kutulutsa dzanja pawindo, bayi, osacheuka. Ndimatsala pakati pa msewu ndikupuma ngati galu, dzanja lina pamsana lina pamimba.

Ine galimoto yathu ndimaidziwa kumbuyo. Mkati mwake musandifunse. Koma kumbuyo ndikhoza kukujambulirani nditatsinzina. Pali chomata chakale cholembedwa kuti Osandithamangitsa Ndine Wamkulu. Nyali yakumanzere ndi yosweka, anaimata ndi selotepi. Pa buti pali malo awiri pomwe penti inayamba kuwala chifukwa cha zikhato zanga. Ndipo m'mphepete mwa butiyo muli chitsulo chopingasa, chomwe chinkafika ndendende pamchombo panga.

Kuntchito kwawo, kushopu ya zitsulo, palibe ankadziwa. Amaimika kuseri pamalo otsetsereka, mphuno kuloza kumunsi, mwala patayala. Poweruka amangochotsa mwala, yatsetsereka, yalira, anzawo n'kumati Bigi wafikapo. Pa sitetasi ya foni anali iwo tsiku ndi tsiku, atatsamira boneti, magalasi akuda kumaso, pansi alemba kuti Ine ndi Madamu. Ine sindinaikidwepo pa sitetasi chikwatiwire.

Mwezi utatha ndinati eya, tsopano sitata ibwera, poti makaniko anali atanena kale kuti yakaleyo siingakonzekenso. Madzulo ndinangomva nyumba ikunjenjemera, du du du, mawindo akulira. Kutuluka panja, abambo akumwetulira, buti ili yotsegula, mkati muli masipika awiri akuluakulu ngati ndowa.

"Nanga sitata?"

"Sitata amaiona ndani? Tamva beziyo!"

"Ndiye mwandiwonjezera katundu woti ndizikankha."

"Iwe sungayamikeko chinthu? Anzako amuna awo amayenda wapansi."

"Akazi awonso amayenda wapansi, koma sakankha kanthu."

Anakweza voliyumu.

Lamulungu lotsatira kunabwera apongozi. Ndinati mwina apa ndiye papezeka wondimvera, mzimayi mnzanga, wobereka. Titatha kudya ndinakhala pafupi nawo.

"Amayi, tawalankhulani ana anuwa. Galimotoyi ndimakankha ndine m'mawa uliwonse. Ndi mmene ndililimu."

Anandiyang'ana pamimba, n'kuyang'ana mwana wawo amene anali bize kutokosa m'mano.

"Mwana wanga, ife mimba ya awawa tinkasenza nayo matumba mpaka tsiku lochira. Atsikana a lero mwafewa ngati buledi woviika mu tiyi. Kulimbitsa thupi kumeneko, sudzavutika pobereka."

"Ntchito sindikukana, amayi. Ndikungoti andiphunzitse kilatchiyo, ine ndizikhala mkati, iwo azikankha. Ikalira ndizitsika, azipita."

"Iii! Mwamuna kumbuyo, mkazi pachiwongolero? Tayi pakhosi akukankha galimoto, iwe uli phee pampando? Anthu aziti mwana wanga anamudyetsa chani?"

"Anthu ake ati, amayi? Kumakhala kulibe munthu panja."

"Komanso mkazi akadziwa magiya ndi wapaulendo ameneyo. Udzangodzuka tsiku lina wapita, ndi galimoto yomwe."

Amuna anga anaseka. "Mwamva? Si ine ndanena."

Nthawi yowaperekeza itakwana apongozi anakalowa kutsogolo, chikwama pamiyendo, lamba anamanga bwinobwino. Ine kumbuyo. Masipika aja analemeretsadi, pakachitunda galimoto inabwerera, ndinaigwira ndi phewa. Ndili mkati mobuula ndinamva apongozi akukuwa pawindo.

"Limbikira mwana wanga, yatsala pang'ono!"

Inalira. Anapita. Ndinakhala pansi pageti pomwepo kupumula.

Achemwali anga nditawauza pafoni anakalipa moti ndinachita kuitalikitsa kukhutu.

"Ukuti chani iwe? Ukukankha chigalimoto ndi mimba? Ndiwe bulu? Longedza ubwere kuno mpaka udzachire."

"Sisi, ndidzati ndachokeranji? Sandimenya, sagona kunja. Ndiziti ndathawa galimoto? Anthu adzandiseka."

"Akuseke uli moyo. Mimba imeneyi waidikira zaka zingati, waiwala zomwe ankakunena abale akewo?"

Sindinaiwale. N'chifukwa chake sindinkafuna phokoso. Chibwerere mimbayi m'nyumba munali mutalowa kamtendere, apongozi anayambanso kundiitana kuti mwana wanga. Ndipo musaganize kuti amuna anga anali chilombo. Ankandibweretsera malalanje poweruka. Ankagwada n'kuika khutu pamimba panga, kamwana kakagunda iwo n'kukuwa ngati timu yawo yagoletsa.

"Wamva? Akuponda kilatchi ameneyu! Ndidzamuphunzitsa magiya asanayambe sukulu."

"Akakhala wamkazi?"

"Ndi mwamuna uyu, phazi lake likuchita kumveka."

Ndinkaseka nawo. Ndinali nditasoka kale timalaya tiwiri ndi kachipewa, kuchokera ku nsalu zotsala za makasitomala. Ndinati ndipirire, mwezi ukubwerawu sitata ibwera.

Tsiku lina kunacha ndi mvula, ija yowaza yosaleka. Bwalo linali matope okhaokha. Ndinaima pakhonde ndikuyang'ana.

"Lero kwerani minibasi, chonde. Taonani pansipa."

"Ndikanyowe pa siteji galimoto ndili nayo? Vala majombo anga."

"Nditerereka."

"Ndiye uzikankha mosamala. Iwe, lero kukubwera katundu kushopu, makiyi a kustolo ali ndi ine. Ukufuna andichotse ntchito? Mwanayo adzadya chani?"

Ndinavala majombo awo, aakulu, mapazi akusambira mkati. Kachitunda tinakakwera kachitatu, ine nditanyowa mpaka mkati. Kutsetsereka kuja matope anagwira matayala, galimoto imangoyenda ngati ikuganiza.

"Thamanga! Sipidi yachepa!"

Ndinaweramira, mutu pansi, n'kuika mphamvu zanga zonse. Ndinayamba kuthamanga ndithu. Iwo chifukwa cha changu sanadikire, anasiya kilatchi msanga. Amene munakankhapo mukudziwa zomwe zimachitika injini ikakana. Galimoto imaima nji, ngati yagunda khoma. Madamu anaima. Ine sindinaime. Mimba yonse inakamenya pachitsulo cha buti chija.

Sindinakuwe. Mpweya unangochoka, m'maso munachita mdima, ndinagwada m'matope.

"Aaa, pang'ono ikanalira! Tiyenso, kamodzi!" Anali akuyang'ana pagalasi. Atandisowa anatulutsa mutu. "Uli kuti? Wagwa?"

"Ndamenyetsa mimba."

Anatsika, n'kundidzutsa. Nkhope yawo inali ndi mantha, zoona, sindiwanamizira.

"Zikupweteka kwambiri? Tapuma kaye. Sole, mayi. Sole." Anayang'ana wotchi. Anayang'ana galimoto ili pakati pa msewu, yatseka njira. "Nanga tiisiya pamenepa? Kangoigwira pang'ono, apa patsetsereka kale, siifuna mphamvu."

Ndinaigwira. Inalira. Anakuwa pawindo kuti ukagone, usasoke lero, ndikuimbira.

Sindinagone, panali diresi la kasitomala loti atenge masana. Ndinasintha zovala, n'kukhala pamakina pakhonde. Ndikupalasa ndinkamvetsera m'mimba. Nthawi imeneyo kamwana kamakonda kuvina, makina akamalira kamagunda ngati kakuyankha. Tsikulo zii. Ndinamwa madzi ozizira, zii. Ndinakagwedeza ndi dzanja, iwe, tadzuka. Mimba inali italimba ngati thabwa. Kenako ndinamva phazi likuterereka pachopondera. Kuyang'ana pansi, magazi.

Ndinawaimbira amuna anga, foni imangoitana. Kushopu kwawo katundu akamatsika mafoni amasiya mu dilowa ya tebulo. Ndinakwawa mpaka kumpanda n'kukuwa, aneba, aneba!

Amayi a kuseri kwa mpanda anabwera akuthamanga opanda nsapato. Amuna awo anakaimitsa takisi kumsewu waukulu. M'takisimo anandigoneka pamiyendo pawo, akundipukuta kumaso.

"Ndi chigalimoto chija eti? Ndinaona pawindo mmene munagwera."

"Munaona?"

"Timakuonanitu m'mawa uliwonse. Layini yonse imadziwa. Abambo kwathu ankafuna kubwera kudzathandiza, ine ndinawaletsa, ndinati za m'nyumba mwa eni, mungawachititse manyazi amuna awo." Anayamba kulira. "Ndikanangowasiya abwere."

Ndiye chinsinsi chomwe ndinkafera chija chinali chimenecho. Aliyense ankachidziwa, aliyense ankatisungira ulemu kuseri kwa makatani.

Za kuchipatala sindilemba zambiri, zala zikukana. Anesi anayendetsa kachipangizo kaja pamimba uku ndi uku, akusaka kamtima. Anaitana anzawo, nawonso anasaka. Kenako anazimitsa makina n'kundigwira dzanja. Mwana anabadwa atafa kale, anali wamkazi. Anandionetsa pang'ono, timapazi take tinali tatitali ngati ta bambo ake.

Amuna anga anafika masana, malaya ali fumbi la simenti, akupuma mothamanga. Anesi ena achikulire anali akundisintha nsalu. Anawaonetsa mzere wakuda wopingasa pamimba panga.

"Bambo, ichi chabwera bwanji?"

Amuna anga anayankha mwachangu. "Anaterereka kubafa."

Aneba anatsonya mokweza, wodi yonse inacheuka.

"Ndi buti ya galimoto," ndinatero ine. "Ndimakankha."

Anesi aja anawayang'ana amuna anga kuyambira kutayi mpaka kunsapato. Anangondifunditsa n'kutuluka. Abambo anakhala pampando, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine misozi inali isanabwere. Ndinkangoyang'ana denga.

Apongozi anabwera mawa lake ndi fulasiki. Anati zimachitika, Mulungu anakonza choncho, mukadali ana mudzapeza wina. Za galimoto sanatchule. Ndinatembenukira kukhoma.

Tsiku lotuluka achemwali anabwera ndi chikwama, anali atanena kale kuti akunditenga. Amuna anga anati ayi, mkazi wanga ndikamusamala ndekha, ndabwera ndi galimoto. Anali ataitsuka, matayala apaka polishi, pampando wakumbuyo aika pilo ndi bulangeti. Ndinalibe mphamvu zokangana. Ndinati Sisi, tiyeni atiperekeze kaye kunyumba, zinazo tikaona.

Koma poimika magalimoto pachipatalapo ndi pafulati ngati tebulo. Ankafuna kuisiya ikulira, alonda anawakaniza, anati utsiwo ukulowa m'mawodi. Ndiye anazimitsa.

Tinakhala kumbuyo ine ndi Sisi. Iwo anapotokola kiyi. Tcha, tcha. Anapotokolanso, ngati kuti lero Madamu achita manyazi. Tcha. Ndiye ndinaona maso awo akupita pagalasi lija, kuyang'ana kumbuyo kwa buti, pamalo panga. Chizolowezi. Atandipeza ndili pampando anagwetsa maso.

Anatembenukira kwa Sisi. "Alamu, mwina..."

"Mundiyese," anatero Sisi. "Mungondiyesa, alamu."

Anatsika n'kupita kwa alonda, alonda anati sangachoke pageti. Anaima pamenepo akukanda m'mutu. Kenako anabwera mbali yanga n'kutsegula chitseko, mawu ali pansipansi.

"Bwera ukhale kutsogolo. Ndikankha ine."

"Mwapenga?" anatero Sisi. "Munthu wangotuluka kumene..."

"Asiyeni, Sisi."

Ndinatsika pang'onopang'ono, ndikugwira chitseko. Ndinakhala pampando wawo. Unali wofunda, wobooka pakati. Aka kanali koyamba kuona kutsogolo kwa Madamu ndili pachiwongolero. Anagwada panja pambali panga, akuloza kumapazi.

"Ichi chakumanzere ndi kilatchi. Ponda mpaka pansi. Eya. Giya ndakuikira kale. Kiyi ali oni. Ndikakuwa kuti siya, uchotse phazi. Ikalira upondenso kilatchi yomweyo, ndi chapakatichi, buleki. Basi."

"Basi?"

"Basi."

Anavula tayi n'kuiika m'thumba. Anapita kumbuyo. Pagalasi ndinawaona akuika zikhato pamalo awiri owala aja. Galimoto inayamba kuyenda, mopepuka, mwachangu, mwamuna ndi mwamuna. M'mimba munkakoka, phazi lili pa kilatchi.

"Siya!"

Ndinasiya. Madamu anagwedezeka kamodzi n'kulira. Ndinapondanso kilatchi, ndinaponda buleki. Inaima bwinobwino, injini ikungoguguda.

Ndinayang'ana panja. Panali anthu ambiri, ena pamabenchi, ena akugula nthochi pageti, ena akukankha wodwala panjinga. Palibe anaseka. Palibe ngakhale anacheuka. Mwamuna wakankha galimoto mkazi ali pachiwongolero, dziko osagwedezeka.

Anafika pawindo akupuma, akumwetulira, thukuta lili pamphumi.

"Waona! Fasiti taimu! Phazi lako ndi labwinotu iwe, ena zimawatengera..."

"Zinali zomwezi?"

"Eee, ndi zomwezo, wakhoza."

"Ayi, ndikufunsa. Miyezi yonse ija. Zinali zomwezi basi?"

Kumwetulira kuja kunazima. Apa ndiye misozi inabwera, yonse ya masiku aja, ndinalira chogwira chiwongolero mpaka hutala inalira yokha. Sisi anandigwira phewa kuchokera kumbuyo.

"Sitata ndigula mawa," anatero amuna anga. "Masipika ndigulitsa. Ndikulumbira. Uzipita nayo kumsika wekha, ndikuphunzitsa zonse, ndi rivesi yomwe. Sunthira uko tizipita, isazime."

Ndinapukuta m'maso. Kiyi anali pomwepo pafupi ndi bondo langa, ndi kachidole kake kolendewera. Zozimitsa palibe anandiphunzitsa, koma si zovuta. Ndinapotokola. Madamu anakhala chete.

"Iwe, wazimitsiranji? Ndiye tikankhanso..."

"Sisi, tengani chikwama."

Tinayenda pang'onopang'ono kulowera kugeti, ine nditakolowekera dzanja m'khosi mwa achemwali anga. Alonda anatitsegulira kageti kakang'ono. Amuna anga anandiitana kawiri, ndi dzina langa lenileni, lomwe ndinali nditaiwala kuti amalidziwa. Sindinacheuke. Tikudikira minibasi kutsidya kwa msewu ndinamva kumbuyo kwanga, patali, tcha, tcha.